NGONGOLE ITI IYAMBE KUBWEZEDWA?

Alimi nonse olembetsa, ndi inu nonse ogwira ntchito m'maesiteti, nyengo yogulitsa mbeu ndiyo nyengo imene ngongole zonse zimadzuka pamodzi. Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, onse amene adakukongozani amadziwa kuti ndalama zayandikira. Wakatapila amafika pakhomo, a banki mkhonde amatumiza uthenga, a kalabu amaitanitsa msonkhano, nawonso achimwene amene adakuthandizani pa maliro amayamba kudzakuzondani kawirikawiri. Koma ndalama za mabelo oyamba, kapena za matumba oyamba a mtedza ndi soya, sizingakwanire onsewa tsiku limodzi.

Alimi ambiri amapereka kwa amene wayamba kufika kapena kwa amene akulankhula mokweza. Ena amathamangira ngongole yaikulu koposa chifukwa ndiyo ikuwasowetsa tulo. Njira ziwiri zonsezi zimatayitsa ndalama. Ngongole yoyenera kuyamba ndi imene ikukula msanga, ndiponso imene ingakulandeni zipangizo zolimira chaka chamawa. Pano tifotokoza momwe mungaidziwire. Tifotokozanso za kusamutsa ngongole, ndiko kukongola malo otsika mtengo kuti mutseke ngongole yodula, pamene kumathandiza ndi pamene kumapweteka.

LEMBANI NGONGOLE ZONSE M'KOPE

Msika usanatsegulidwe, khalani pansi bambo ndi mayi a pakhomo, mutenge kope. Pasakhale kubisirana. Ngongole imene mayi adatenga ku banki mkhonde ndi imene bambo adatenga kwa wakatapila zidzabwezedwa ndi fodya mmodzi yemweyo, ndipo ngongole yobisika imatulukira pamene ndalama zatha kale.

Pa ngongole iliyonse lembani zinthu zisanu izi:

1. Dzina la amene adakukongozani.
2. Ndalama zimene zatsala kuti mubweze lero, osati zimene mudatenga poyamba.
3. Chiwongoladzanja chake.
4. Tsiku limene mudapangana kubweza.
5. Chikole chimene mudaika, kapena chimene chingakuchitikireni mukalephera.

Musaiwale ngongole zimene sizidatengedwe ndi ndalama: thumba la chimanga limene mudabwereka mu Januwale, sopo ndi mchere wa ku golosale, fizi yotsalira ku sukulu, lendi ya munda, ndiponso malipiro a aganyu amene adakuthandizani kusoka ndi kusankha fodya.

YESANI ZONSE NDI MUYESO UMODZI

Simungayerekeze mbeu ya m'ndowa ndi ya m'thumba musanaziike pa sikelo imodzi. Ngongolenso zili chimodzimodzi. Banki imatchula chiwongoladzanja cha pa chaka, banki mkhonde ndi wakatapila amatchula cha pa mwezi, ndipo ngongole zina za pa foni zimatchula cha masiku owerengeka. Sikelo yake ndi funso ili: pa K100 iliyonse, ndikulipira zingati mwezi umodzi?

Ngati akuuzani kuti chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pa chaka, gawani 36 ndi miyezi 12. Mupeza kuti ndi K3 pa K100 iliyonse pa mwezi. Ngati akuuzani kuti ndi 10 peresenti pa masabata awiri, dziwani kuti pa mwezi ndi pafupifupi K20 pa K100 iliyonse. Ngati mudatenga K30,000 mu Febuluwale polonjeza thumba la soya mu Meyi, ndipo thumbalo likugulitsidwa K60,000 pa msika, ndiye kuti mwalipira K100 pa K100 iliyonse m'miyezi itatu, kapena kuti K33 pa mwezi. Wogulayo sadatchule mawu oti chiwongoladzanja, koma chilipo ndithu.

Funsaninso ngati chiwongoladzanja chosalipidwa chimaphatikizidwa ku ngongole, chifukwa pamenepo chimayamba kubereka nachonso. Tiyerekeze kuti mwatenga K100,000 ya katapila pa K50 pa K100 iliyonse pa mwezi. Ukatha mwezi woyamba ngongole ili pa K150,000. Mwezi wachiwiri ifika K225,000, wachitatu K337,500, ndipo wachinayi K506,250. Ndalama zimene mudatenga mu Januwale zakula kasanu pofika mu Meyi.

CHITSANZO CHA NGONGOLE ZINAYI

Ziwerengero zonse za m'nkhani ino nzongoyerekeza. Inu muikemo zanu. Tinene kuti mlimi watsegula kope lake mu Epulo ndipo wapeza izi:

Katapila: K100,000, pa K50 pa K100 iliyonse pa mwezi. Ikumudyera K50,000 mwezi uliwonse.

Banki mkhonde: K150,000, pa K20 pa K100 iliyonse pa mwezi. Ikumudyera K30,000 mwezi uliwonse.

Ngongole ya feteleza ya ku kalabu: K600,000, pa 36 peresenti pa chaka. Ikumudyera K18,000 mwezi uliwonse, ndipo tsiku lake lobwezera lili mu Ogasiti.

Ngongole ya kwa achimwene ake: K80,000, yopanda chiwongoladzanja.

Taonani bwino. Ngongole yaikulu koposa, ya K600,000, ikudya pang'ono poyerekeza ndi ziwiri zinazo. Ya katapila, imene ikuoneka yaing'ono, ndiyo ikudya kwambiri.

Tsono mlimiyu wagulitsa mabelo oyamba ndipo ali ndi K250,000 yoti abwezere ngongole. Akaipereka yonse ku ngongole ya feteleza, apulumutsa K7,500 yokha pa mwezi, pamene katapila ndi banki mkhonde zikupitiriza kumudyera K80,000. Koma akatseka katapila ndi K100,000, natsekanso ya banki mkhonde ndi K150,000, K80,000 yonseyo aipulumutsa. Kusiyana kwake ndi K72,500 mwezi uliwonse. Ndalama nzofanana, thukuta nlofanana, chasiyana ndi khomo limene wayambira.

Pa ngongole ya banki mkhonde pali chinthu chimodzi chotonthoza: ngati ndinu membala, gawo lina la chiwongoladzanja lidzabwerera kwa inu pa tsiku logawana. Komabe gawolo nlaling'ono poyerekeza ndi zimene mwalipira, chifukwa mumagawana ndi gulu lonse. Cha katapila sichibwerera konse.

FUNSO LACHIWIRI: MUKACHEDWA MUTAYA CHIYANI?

Chiwongoladzanja sindicho chokha choyang'ana. Ngongole ina ndi yotsika mtengo, koma mukaphonya tsiku lake mumataya chinthu chimene ulimi wanu umadalira. Ngati chikole ndi ng'ombe za ngolo, pampu yothirira kapena munda, kuchedwa kwa mwezi umodzi kungakuphereni zaka zambiri.

Ngongole ya ku kalabu ili m'gulu limeneli. Mamembala a kalabu amaimirana, kotero kuti mmodzi akalephera, onse amavutika kupeza feteleza nyengo yotsatira. Achikulire akukumbukira bwino bungwe la boma la SACA limene linkakongoza alimi ang'onoang'ono kupyolera m'makalabu. Pambuyo pa chilala cha 1992, ndi kusintha kwa ndale kumene kudatsatira, alimi ambiri adaleka kubweza. Pofika 1994 bungwelo lidagwa, ndipo ntchito yake idapita ku Malawi Rural Finance Company. Amene adavutika sadali osabweza okha ayi. Ngakhale alimi okhulupirika adapeza kuti khomo limene ankadalira latsekeka.

Masiku ano mbiri ya kabwezedwe imasungidwanso. Kuchokera pa lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, mabanki ndi mabungwe okongoza ndalama amatha kuona mbiri ya munthu asanamukongoze. Mukathawa ngongole malo amodzi, dzina lanu likhoza kukutsekerani makomo ena.

Inu amene mumalima fodya wa kontirakiti, ngongole ya zipangizo imadulidwa pa msika ndalama zisanafike ku akaunti yanu. Imeneyi simuisankhira malo pa mndandanda, imadzitengera yokha. Ntchito yanu ndi kusunga pepala lililonse losonyeza malonda ndi zimene zadulidwa, ndi kuliyerekeza ndi zimene mudasainira polandira zipangizo. Musazembetse fodya kwa mavenda kapena kugulitsira pa nambala ya mnzanu pofuna kupewa kudulidwa. Uku ndi kuphwanya pangano, mtengo wa mavenda ndi wotsika, ngongole imakhalapobe, ndipo kontirakiti ya chaka chamawa mungaitaye.

DONGOSOLO LOYENERA KUTSATA

Mukayankha mafunso awiriwa pa ngongole iliyonse, ndalama zikafika ziyende motere:

Choyamba, lipirani antchito ndi aganyu. Malipiro awo si ngongole yoti mungaiike kumapeto. Ndi thukuta lawo, lamulo likuwateteza, ndipo mlimi amene amazunza antchito sadzawapeza nthawi yokolola ikadzafikanso.

Chachiwiri, patulani chakudya cha banja chokwanira kufika kukolola kwina. Izi zingaoneke ngati kuchedwetsa ngongole, koma si choncho. Mlimi amene wabweza zonse mu Juni natsala wopanda chimanga amabwerera kwa wakatapila mu Januwale, pamene chimanga chakwera mtengo.

Chachitatu, perekani gawo limene tsiku lake lakwana pa ngongole iliyonse ya chikole ndi ya ku kalabu. Ngati tsiku lisanafike, lembani tsikulo pa khoma, ndipo muwerengere mabelo kapena matumba amene adzalipire ngongoleyo. Amenewo si anunso, musawakhudze.

Chachinayi, ndalama zonse zotsala zipite ku ngongole imene ikudya kwambiri pa K100 iliyonse mpaka ithe. Musagawe pang'onopang'ono kwa onse pofuna kusangalatsa aliyense. Kupereka K20,000 ku ngongole imene ikubereka K50,000 pa mwezi ndi kutunga madzi ndi dengu.

Chachisanu, yoyamba ikatha, pitani ku yachiwiri pa kudula kwake, kenaka yachitatu.

Ena amakonda kuyamba ndi ngongole yaing'ono koposa kuti mayina a m'kope achepe msanga ndipo mtima ulimbe. Njira imeneyi si yoipa ngati chiwongoladzanja cha ngongolezo chili chofanana kapena choyandikana. Koma pamene ina ikudya K50 ndipo ina K3, yambani ndi ya K50.

Nanga ya achimwene ija? Popeza siikula, ikhoza kudikira. Koma kudikira kwake kukhale kopangana. Pitani mukawauze tsiku, ndipo tsikulo mulisunge. Ngati ndalamazo akuzifuna pa matenda kapena pa fizi, nkhani yasintha, apatseni msanga. Mbale amene amakongoza popanda chiwongoladzanja ndi banki yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo ikatsekeka siitsegukanso msanga.

KODI KUSAMUTSA NGONGOLE NCHIYANI?

Kusamutsa ngongole ndiko kutenga ngongole yatsopano ya chiwongoladzanja chotsika ndi cholinga chimodzi chokha, chotseka ngongole yakale yodula. Ngongole siinathe ayi, yangosintha mwini. Chimene mwapindula ndi kuti tsopano ikukula pang'onopang'ono.

Kumayiko ngati Britain, kumene anthu ambiri amagula zinthu ndi makhadi a ngongole, mabanki amaitanira anthu kuti asamutsire ngongole ya khadi lakale ku khadi latsopano. Kwa miyezi ingapo khadi latsopanolo silikhala ndi chiwongoladzanja, koma munthu amalipira ndalama ya kasamutsidwe, kawirikawiri pafupifupi 3 pa 100 iliyonse. Miyeziyo ikatha, ngongole yotsala imayamba kubereka pa mtengo wokwera. Amene amapindula ndi amene amamaliza kubweza nthawiyo isanathe.

Kuno kwathu alimi ambiri alibe makhadi otere, koma ntchito yake ndi yomweyo. Mukakongola ku SACCO kuti mutseke katapila, mwasamutsa ngongole. Mukakongola kwa mbale kuti mutseke ya pa foni, mwasamutsanso. Ndipo misampha yake ndi yomweyo: ndalama zolipira polowa, nthawi yobwezera, ndi zimene zimachitika mukachedwa.

NTHAWI IMENE KUMATHANDIZA

Werengani mbali ziwiri. Mbali yoyamba: ndikakhala pomwe ndili, ndilipira zingati pamwamba pa ngongole kufikira tsiku limene ndidzapeze ndalama? Mbali yachiwiri: ndikasamuka, ndilipira zingati, kuphatikizapo zolipira zonse ndi ulendo?

Tiyerekeze kuti mu Januwale muli ndi ngongole ya K200,000 pa K20 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndipo ndalama za mbeu zidzafika mu Meyi. Mukakhala pomwepo, miyezi inayi idzakudyerani K160,000, ngakhale chiwongoladzanja chisabereke china. Tsono SACCO yanu yavomera kukukongozani pa K4 pa K100 iliyonse pa mwezi. Miyezi inayi ndi K32,000. Onjezani K6,000 yoyendetsera mafomu, K2,000 ya inshulansi, ndi K10,000 ya maulendo awiri a ku ofesi. Zonse pamodzi ndi K50,000. Mwapulumutsa K110,000. Kusamutsa kotere nkwanzeru.

Koma dziwani kuti SACCO imakongoza mamembala ake okha, ndipo kukula kwa ngongole kumadalira masheya ndi ndalama zimene mwasungako. Simungagogode mu Januwale muli mlendo nkutuluka ndi ndalama tsiku lomwelo. Nthawi yolowa ndi ino ya malonda, pamene m'thumba muli kanthu. Mabungwe a SACCO ali ndi mgwirizano wawo wa MUSCCO, umene udakhazikitsidwa mu 1980, ndipo alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni SACCO imene ili pafupi.

NTHAWI IMENE KUMAPWETEKA

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Si ngongole iliyonse yotchulidwa yotsika imene ili yotsikadi. Onani misampha iyi.

Kusiyana kukakhala kochepa. Muli ndi ngongole ya K600,000 pa K3 pa mwezi, ndipo yatsala miyezi iwiri. Mudzalipira K36,000. Wina akuti bwerani kuno, ife ndi K2.50. Miyezi iwiri ndi K30,000, koma polowa mulipira 3 pa 100 iliyonse, imene ndi K18,000. Zonse ndi K48,000. Mwataya K12,000 pothawa ngongole imene inali pafupi kutha.

Nthawi ikatalikitsidwa. Ngongole ya K200,000 ija, mukaitenga pa K4 pa mwezi koma kwa miyezi 24, ndipo chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse mwezi uliwonse, mudzalipira K192,000. Izi zaposa K160,000 imene munkathawa. Gawo la pa mwezi likamaoneka laling'ono, funsani kuti miyezi yake ndi ingati.

Kawerengedwe kakasiyana. Mabungwe awiri akhoza kutchula 3 peresenti onse, koma nkulipiritsa mosiyana. Tengani K120,000 yobweza K10,000 mwezi uliwonse kwa chaka. Ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse imene mudatenga, chidzakwana K43,200. Ngati chikuwerengedwa pa ndalama yotsala yokha, chidzakwana K23,400. Kusiyana kwake ndi K19,800.

Masiku obwezera akasemphana ndi nyengo. Ngongole zambiri zidakonzedwera anthu a malipiro a pa mwezi. Mlimi amalandira ndalama nyengo imodzi pa chaka. Ngati akufuna gawo loyamba mu Febuluwale pamene fodya adakali m'chigafa, mudzalipira chindapusa kapena mudzabwerera kwa wakatapila kuti mupeze gawolo.

Chikole chikakula. Mwina ngongole yakale inalibe chikole, koma yatsopano ikufuna ng'ombe kapena munda. Chiwongoladzanja chatsika, koma mvula ikavuta mudzataya zambiri kuposa kale. Musaike munda wa banja pa chikole popanda kugwirizana ndi onse amene amadya za m'mundamo.

Ngongole yakale ikatsegulidwanso. Uwu ndiwo msampha umene umagwira anthu ambiri. Munthu watenga K200,000 kuti atseke ngongole, koma panjira agula wailesi ndi malata awiri, nakapereka theka lokha. Kapena watseka yonse, koma patapita mwezi abwerera kwa wakatapila yemwe uja popeza tsopano akumukhulupirira. Mapeto ake ngongole zakhala ziwiri pamene inali imodzi.

Palinso chizolowezi china chimene ena amachiyesa kusamutsa ngongole: kugulitsa feteleza wa ngongole kuti atseke katapila. Fetelezayo amagulitsidwa motchipa, mbeu imakula yonyozoloka, makilogalamu amachepa, giredi imatsika, ndipo ngongole ya feteleza imadulidwabe yonse pa msika. Musachite zimenezi.

MAFUNSO OFUNSA MUSANASAINE

Musachite manyazi kufunsa, ndipo ngati kuwerenga kumakuvutani, pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira. Funsani izi:

1. Zonse pamodzi ndidzabweza ndalama zingati? Andilembere chiwerengero chimodzi.
2. Pa ndalama imene ndapempha, ndilandira zingati m'manja mukachotsa zolipira?
3. Kodi chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse kapena pa yotsala?
4. Kodi chingasinthe pakati pa nyengo? Chiwongoladzanja cha mabanki chimatsatira mulingo umene Reserve Bank of Malawi imaika, ndipo mu 2024 mulingowo udafika pa 26 peresenti.
5. Kodi ngongole yalembedwa m'makwacha kapena m'madola? Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ngongole yolembedwa m'madola imakula m'makwacha zotere zikachitika. Mlimi wa fodya, amene mbeu yake imagulidwa pa mtengo wa madola, amatetezekako, koma wa chimanga, mtedza kapena soya alibe chitetezo chimenechi.
6. Ndikabweza msanga, kodi chiwongoladzanja chichepa, kapena pali chindapusa?
7. Ndikachedwa mwezi umodzi, chichitika nchiyani?

Ngati nkotheka, pemphani kuti wokongoza watsopano alipire yekha kwa wakale, ndalama zisadutse m'manja mwanu. Ngati sizitheka, pitani tsiku lomwelo, ndi mboni. Landirani lisiti kapena kalata yonena kuti ngongole yatha, tenganinso chikole chanu, kaya ndi njinga, khadi la ku banki kapena chitupa. Mabanki, mabungwe okongoza ndalama ndi ma SACCO ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, choncho funsani kuona chiphaso chawo. Munthu wokuimbirani foni kuti mutumize ndalama kaye kuti ngongole yanu ituluke, ameneyo ndi wakuba.

KWA INU A M'MAESITETI

Kwa zaka zambiri, banja lolima pa esiteti linkalandira chimanga, feteleza, makasu ndi ndalama za matenda pa ngongole, ndipo zonse zinkadulidwa pa mapeto a nyengo fodya atagulidwa ndi mwini esiteti. Mabanja ambiri ankabwerera kwawo ndi ndalama zochepa, ena ndi ngongole. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la Employment Act ndi kuletsa utenanti. Wogwira ntchito pa esiteti ayenera kulembedwa ngati wantchito ndi kulandira malipiro. Komabe kutenga chakudya kapena ndalama zoyambirira kwa abwana kudakalipo, choncho nkhani ya ngongole ikukukhudzani.

Khalani ndi kope lanulanu, losiyana ndi buku la kapitawo. Chilichonse chimene mwalandira, lembani tsiku, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Mtengo muufunse tsiku lolandira, osati pa mapeto a nyengo. Chimanga chimene chalembedwa pa mtengo woposa wa pa msika chili ndi chiwongoladzanja chobisika, ndipo muchiyese pa sikelo ija monga ngongole ina iliyonse. Mwezi uliwonse yerekezani kope lanu ndi buku la esiteti pamaso pa mboni.

Chenjerani kwambiri ndi mwini esiteti wina amene akuti adzakulipirirani ngongole ya kumene muli kuti mukagwire ntchito kwa iye. Uku nakonso ndi kusamutsa ngongole, ndipo mumayamba nyengo yatsopano muli kale m'dzenje. Musanavomere, dziwani ndalama yeniyeni imene walipira, ngati waonjezerapo ya galimoto yokutengani, ndi momwe adzaidulire. Zonsezi zilembedwe. Dziwaninso kuti ngongole siipatsa munthu mphamvu yokusungani ngati kapolo kapena yogwiritsa ntchito ana anu. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Pakakhala kusamvana pa malipiro kapena pa zodulidwa, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kope lanu lili m'manja.

NGATI NDALAMA SIZIKWANA

Zaka zina mvula imavuta, mitengo imatsika, ndipo ngakhale mutasanja bwino, ndalama sizifika kumapeto a mndandanda. Musathawe ndipo musazime foni. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pitani kwa wokongoza tsiku lisanakwane, mumuonetse mapepala a malonda anu, ndipo mupemphe chimodzi mwa izi: kuti aimitse chiwongoladzanja pa chiwerengero chimene chafika, kuti asunthe tsiku lifike pa malonda otsatira, kapena kuti alandire gawo lero ndi lotsala pa tsiku lodziwika. Okongoza ambiri amasankha kulandira pang'onopang'ono kusiyana ndi kuthamangitsana ndi munthu. Zimene mwapangana zilembedwe, ndipo a komiti ya kalabu kapena a mfumu akhale mboni.

Ngati wakatapila akufuna ndalama zopyola muyeso, kapena akulanda katundu mwa mphamvu, lamulo lilipo. Pansi pa Loans Recovery Act, bwalo la milandu lili ndi mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chake nchonyanya ndi chankhanza. Koma bwalo limafuna umboni, ndipo umboni wanu ndi kope lija ndi malisiti.

Pomaliza, ngongole yomaliza ikatsekedwa ndipo kanthu katsala, musadikire Disembala. Gulani feteleza ndi mbeu za nyengo ikubwerayi ndalama zikadalipo, ikani gawo lina ku SACCO kapena ku banki mkhonde, ndipo sungani chimanga mothira mankhwala. Thumba lililonse limene mwagula ndi ndalama zanu mu Julayi ndi thumba limene simudzakongola mu Januwale. Tsegulani kope lanu sabata ino, mabelo oyamba asanakwere galimoto.